Wothirira Mango a Abiti Saidi

Ana inu, pukutani kaye pakamwa, madzi a mango afika mpaka m'zigongono. Tamanda, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako, ndiwe unafunsa dzulo. Unati, "Agogo, zaka zonsezi muli pa lendi, simuchita manyazi?" Mayi ako anakutsina, ndinaona. Asakutsine, funsolo silinalakwe. Ndikudziwanso kumene lachokera. Bambo anu amanga nyumba yabwino kumapuloti atsopano kuja, njira ya ku Liwonde, ndipo andisungira chipinda cha zenera lalikulu. Andiuza katatu kuti ndisamuke mvula isanathe, ine katatu ndayankha kuti ndamva. Lero ndikuuzani inu chimene chikundikhazika pano, mukawafotokozere bwino, pakuti iwo ndikayamba kulankhula maso awo amathawira pa foni.

Ndinafika m'Balaka muno pa sitima, tinakwerera ku Liwonde. Kwathu ndi kwa Kawinga, mukudziwa. Ndinali nditangokwatira agogo anu aakazi, a Esinati, ndipo chuma chathu chonse chinali makina osokera, mphasa, mapoto awiri ndi Baibulo. Titatsika pa siteshoni, mutu wa makina ndinanyamula paphewa, miyendo yake yachitsulo agogo anu anasenza pamutu. Anthu ankatiyang'ana ngati tanyamula mbuzi yophedwa. Sitinayende nthawi yaitali. Tinadutsa masitolo a amwenye aja a makonde aatali, n'kulowa kanjira ka kuseri kwake, ndipo tinapeza mayi wina wamfupi, wa mpango woyera, akusesa pabwalo lopanda ngakhale chitsotso chimodzi. Amenewo anali Abiti Saidi, eni nyumba ino.

Dera lino ndi lakale kuposa ine. Dalitso, gwira khomalo. Waona kunenepa kwake? Njerwa zimenezo anaumba ndi amuna awo a Abiti, amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo anamwalira ife tisanafike. Anamanga mdadada wa zitseko zinayi, n'kumanga yawo chakumapeto uko, kumene kukukhala mdzukulu wawo Mariamu lero. Malata achita dzimbiri, ndikuvomera, ndipo pakona apo mvula ikalimba pamafuna beseni. Koma mwezi wa Okutobala, pamene nyumba zamakono za njerwa imodzi zimasanduka uvuni, muno munthu amagona masana osachita thukuta.

Inu mumayeza mtunda ndi mtengo wa kabaza. Ine ndinkayeza ndi nyimbo za m'buku. Kuchoka pakhomo pano kufika pakhonde pamene ndinkasokera, nyimbo imodzi ya ndime zinayi. Kumsika, nyimbo imodzi ndi theka. Kutchalitchi ziwiri, ukamayenda mwaulemu wa Lamulungu. Kuchipatala zitatu, koma tsiku limene bambo anu ankabadwa ndinafikako nyimbo yoyamba isanathe. Zaka zonsezi sindinagulepo njinga. Ndikadapita nayo kuti? Chilichonse chimene munthu amafuna pakati pa kubadwa ndi kufa chili m'kati mwa nyimbo zitatu kuchoka pamene mwakhalapo.

Ndipo poyenda pansi umakumana ndi anthu. M'mawa ndinkayamba ndi Abiti: "Ajimwiche uli, amayi?" Iwo ankaseka Chiyao changa chopotoka, koma ankayankha. Kenaka mayi wa zitumbuwa pakona, wokhoma zidebe amene nyundo yake inali wotchi ya dera lonse, ogulitsa matemba a ku Chilwa akumasula madengu, alonda a m'masitolo akupinda mabulangete awo. Pofika pakhonde ndinali nditadziwa kale amene wadwala, amene wabereka, ndi amene sitima yamusiya. Inu nkhani mumazipeza m'manja mwanu muli chigonere, koma simudziwa dzina la munthu wa nyumba yoyandikana nanu.

Ntchito yanga inali ya pakhonde la sitolo. Munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo kudzaimirira pamaso panga kuti ndimuyeze. Makina anga anali opalasa ndi phazi, osafuna magetsi, mafuta pang'ono basi. Pambali pankakhala simbi ya makala, ija yotsekula pamwamba, imene umaizunguza m'mwamba kuti moto uyake. Mukaipeza kuseri kwa chitseko, musaiyese chidole. Chaka changa chinali ndi zokolola zitatu: mayunifolomu sukulu zikamatsekulira, mikanjo ndi madiresi Idi ikayandikira, ndi masuti a Khirisimasi. Kaunjika atabwera anatidula miyendo atelala tonse, tinasanduka ochepetsa mathalauza a anthu onenepa a kutsidya kwa nyanja. Koma amene amadyetsa mbalame za m'mlengalenga sanaiwale telala. Sitinagonepo ndi njala.

Kukhala pamdadada ndi sukulu yakeyake. Mpopi umodzi, bafa imodzi, chingwe choyanikira chimodzi, mabanja anayi. Ukayetsemula, wa khomo lachitatu amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Ukakazinga anyezi, bwalo lonse ladziwa kuti kwa atelala lero zayenda. Tsiku lolowa, Abiti anatipatsa malamulo atatu: mowa usalowe pabwalo, nyama ya nkhumba isalowe pabwalo, ndipo ndewu ya pampopi ithere pampopi pomwepo. Sizinativute. Mwezi wawo wosala ife tinkadyera m'nyumba, chitseko chili chobweza, kuti fungo lisawazunze, ndipo dzuwa likalowa mbale ya futali inkafika pakhomo pathu ngati kuti nafenso tasala. Pa Khirisimasi nkhuku yathu ndinkapita nayo kwa Asilamu anzathu kuti atichinjire, kuti mpunga wathu udyedwe ndi bwalo lonse. Palibe amene anatembenuza mnzake. Iwo ankadziwa kuti Lamulungu makina anga salira, ine ndinkadziwa kuti Lachisanu masana Abiti safunsidwa kanthu.

Malamulo atatu, ndanena. Za mtengo sananene, chifukwa sankaganiza kuti munthu wa mano onse m'kamwa angafunike kuuzidwa.

Mthunzi umene mwakhalamowu kunalibe. Bwalo lino linali mbee, losesedwa mpaka kulimba ngati mbale. Bambo anu Yosefe anabadwa dzuwa litapsa, ndipo ndinkati ndikabwera masana kudzadya, ndinkapeza agogo anu akuyamwitsa atadziphatika kukhoma, akusendera ndi kamthunzi ka denga monga imachitira nkhuku. Zinkandipweteka mtima.

Lamulungu lina mkulu wa mpingo anawerenga kalata ija imene mneneri Yeremiya analembera anthu otengedwa ukapolo kudziko lachilendo, yowauza kuti asakhale ngati odikira sitima, koma akhazikike, alime minda, ndi kufunira mtendere mzinda umene akhalamo. Ine pabenchi paja ndinamva ngati kalatayo yalembedwa kwa telala wa ku Balaka. Kuseri kwa msika, padzala, ndinali nditaona kamtengo ka mango a boloma katamera kokha. Mvula yoyamba itagwa ndinakakumba, n'kudzakadzala apo, pafupi ndi khomo lathu, n'kutchingira ndi minga kuopa mbuzi.

Agogo anu anatuluka mwana ali kumsana. "Bambo a Yosefe, eni ake mwawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Ndikuwachitira zabwino."

"Kwanu kwa Kawinga mkamwini amadzala mango pamudzi pa mkazi wake?"

"Kumeneko ndi kumudzi, mayi a Yosefe. Kuno ndi kutauni, timalipira lendi."

"Chabwino," iwo anatero, n'kulowa m'nyumba. Ana inu, mkazi wanzeru akakuuza kuti chabwino ndi mawu otsika choncho, dziwa kuti sizili bwino.

Mwina simukuona cholakwa, poti kusukulu amakuuzani kuti dzalani mitengo, ndipo amanena zoona. Koma kwathu kuno mtengo wa zipatso ndi mboni. Nyumba imagwa, mpanda umadyedwa ndi chiswe, anthu okalamba amene ankadziwa malire amamwalira, koma mango amakhalapo. Anthu akamakangana za malo, funso loyamba limakhala lakuti, mtengo uwu anadzala ndani? N'chifukwa chake wobwereka munda amadzala chimanga ndi nandolo, zinthu zotha chaka chomwecho, koma sadzala mango. Ine zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinangoganiza kuti mwambo unatsala kumudzi, sunakwere nawo sitima.

Abiti anauona mtengowo tsiku lomwelo. Anaima ndi tsache lawo, anauyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupitiriza kusesa. Ine ndinati akondwera.

Kamtengo kanagwira. Pofika nthawi yokolola kanali kofika m'bondo, masamba ake atsopano ofiirira ngati chiwindi. Ndiye tsiku lina Loweruka kunafika njinga yochokera ku Nselema, itanyamula thumba la mpunga. Woikwera anali Che Jafali, mlongo wawo wa Abiti, mwinimbumba, munthu wamtali wa ndevu zosamalika. Anatipatsa moni tonse bwinobwino, anamwa madzi, kenaka maso awo anagwera pa minga ija.

"Ichi n'chiyani?"

"Mango, bambo," ndinayankha ine, ndi chimwemwe chonse.

"Ndaona kuti si chinangwa. Wadzala ndani?"

"Ndine."

Anatembenukira kwa Abiti n'kulankhula Chiyao chothamanga chimene sindinachitole chonse, koma dzina langa la atelala linkamveka kawirikawiri. Kenaka anandiitanira pakhonde la Abiti. Iwo anakhala pampando, ine pansi.

"Atelala, mwakhala pano nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chachiwiri chino."

"Chaka chachiwiri mwadzala mango. Chachisanu mudzakumba maziko. Chakhumi mwana wanu ali kumsanayo adzauza adzukulu a mlongo wanga kuti, chokani pamthunzi wa bambo anga."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwachiwiriku kunaposa koyamba. M'malo mopepesa, ndinayamba kulalikira. Ndinawauza za kalata ya mneneri. Ndinawauza kuti dziko lonse ndi zonse zili m'menemo mwini wake ndi Mulungu. Che Jafali anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akusisita ndevu.

"Dziko ndi la Mulungu, pamenepo sitikangana, nafenso timatero," anatero. "Koma puloti ino ndi ya mlongo wanga."

Wina kuseri kwa chingwe choyanikira anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Ndidzabweranso Loweruka, pakatha milungu iwiri. Ndidzapeze mtengo palibe, ndi atelala palibe."

"Mtengowo ndizula lero lomwe, bambo."

"Kuzula mungazule. Koma maganizo anu tawaona kale."

Musawade Che Jafali, ana inu. Sanali munthu woipa. Pambuyo pake ndinamva kuti mbumba yawo inatayapo dimba ku Nselema chifukwa cha munthu amene anamubwereka malo, iye n'kudzalamo mitengo, ana ake n'kudzakana kuchoka. Munthu amene njoka inamulumapo amadumpha akaona chingwe. Ntchito ya mwinimbumba ndi kuyang'anira za alongo ake, ndipo iwo ankaigwira. Abiti nthawi yonseyi anali chete, maso pansi, pakuti mlongo wawo akulankhula pagulu sakadawadula.

Milungu iwiri imeneyo ndinaidziwa Balaka ndi mapazi. Ndikaweruka ndinkayenda kufunsa nyumba. Za pafupi zonse zinali ndi anthu, pakuti dera lino munthu akalowa satuluka msanga. Ndinapeza ina kutali uko kumene tauni imathera, ya udzu, madzi okatunga kuchitsime. Pobwerera ndinawerenga nyimbo khumi ndi imodzi, ndipo yakhumi ndi chimodziyo sindinaiimbe ndi mtima wonse. Ndinkaganiza za makina, kuti ndizidzawasenza bwanji m'mawa ndi madzulo, pakuti masiku amenewo mutu wa makina ndinkagona nawo kunyumba. Ndinkaganiza za mwana akadzatentha thupi, chipatala chili kutali. Agogo anu sananene kuti ndinakuuzani. Akadanena bwenzi zili bwino. Ankangopinda zovala mwakachetechete n'kumaika m'chitenje, tsiku lililonse pang'ono.

Ndinabwerera ku Malembo, poti ndiko ndinatenga mlanduwu. Ndipo ndinapeza zimene ndinadumpha. Abrahamu, amene Mulungu mwini anamulonjeza dziko lonse lija, mkazi wake atamwalira sanangotenga khasu n'kuyamba kukumba. Anapita kwa eni dziko, anawerama pamaso pawo, anadzitchula mlendo, n'kupempha. Munthu wa lonjezo anapempha, ine wa makina osokera sindinapemphe. Ndinali nditawerenga tsamba limene linandikomera, n'kusiya limene likadandiweramitsa.

Lachitatu masana ndinasiya ntchito n'kubwera kunyumba. Ndinapeza Abiti pakhonde pawo akupeta mpunga uja wa ku Nselema. Ndinakhala pansi chapatali, manja pamodzi.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinadzala pamalo panu osapempha, ndipo nditafunsidwa ndinayankha mwamwano."

Anapeta kawiri katatu asanayankhe. "Atelala, mukadandipempha ndikadakana."

"Ndamva, amayi."

"Ndikadakana, ndipo m'mawa mwake ndikadadzala ndekha. Mukuyesa ine dzuwali silindiotcha? Mukuyesa mwana uja sindimuona?"

Kenaka ndinati, "Ndiloleni ndiuzule lero, Che Jafali asadzaupeze."

"Iyayi. Musaugwire. Mwaugwira kale mokwanira."

"Nanga za nyumba, amayi?"

"Loweruka silinafike," anatero, n'kuuzira mankhusu.

Ndinachoka osadziwa ngati andikhululukira kapena anditsanzika. Nditawauza agogo anu, iwo anati, "Tizimangabe katundu."

Loweruka m'mawa katundu wathu anali pakhomo: mitolo iwiri, mphasa yokulunga, makina nditawamasula kale. Che Jafali anafika dzuwa lisanakwere, anatsamiritsa njinga kukhoma, ndipo chinthu choyamba kuona chinali kamtengo kaja kali chiimire m'minga yake. Nkhope yawo inasintha. Asanatsekule pakamwa, Abiti anatuluka m'nyumba ndi khasu, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kumunda. Anagogoda zitseko zonse za mdadada. "Tulukani, ndikufuna maso anu."

Tinaimirira tonse, mabanja anayi, kuphatikizapo mayi ogulitsa thobwa a khomo lachitatu. Abiti anachotsa minga, n'kuyamba kukumba mozungulira kamtengo kaja, patalipatali, mozama, kuti muzu usaduke. Anali munthu wamkulu kale, mpweya unkawathera, koma nditasendera kuti ndiwathandize anandiloza ndi chigongono kuti ndibwerere. Anakazula ndi dothi lake lomwe, n'kukanyamula m'manja awiri ngati khanda.

"Achimwene, mwaona? Mtengo wa atelala wazulidwa."

"Ndaona," anatero Che Jafali.

Abiti anayenda mapazi atatu, kufika pano pamene pali thunthu limene Dalitso watsamirali. Anakaika pansi, anakumba dzenje, anatchula dzina la Mulungu m'mapemphero awo, anakadzala, n'kupondaponda dothi ndi chidendene. Atawongoka anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Uwu wadzala ndani?"

"Abiti," tinayankha.

"Sindinamve. Mayi a thobwa, wadzala ndani?"

"Mwadzala ndinu, Abiti, ndi manja anu."

"Mudzauze ana anu choncho." Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Tsopano, achimwene, mtengo ndili nawo, koma msana ndilibe. Ndowa sindingathe. Inu mukhala kuno kuti muzindithirira?"

"Ine ndili ndi munda ku Nselema."

"Ndiye ndikufuna wothirira. Atelala awa aonetsa kale kuti manja awo amayabwa. Azithirira mtengo wanga. Tsiku limene adzasiye kuthirira, adzachoke, ndipo sipadzafunika kuti inu mupalase njinga kudzawauza."

Che Jafali anayang'ana mtengo, anayang'ana mitolo yathu pakhomo, anayang'ana mlongo wawo. Mlandu wawo unali woti mlendo wadzala, ndipo tsopano panalibe mtengo wa mlendo. Mboni zinalipo zisanu ndi zitatu.

"Nanga akapanda kusiya?" anafunsa.

"Mwayankha nokha," anatero Abiti, akukutumula dothi m'manja.

Che Jafali anapukusa mutu nthawi yaitali. Ndinaona ndevu zikugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akulimbana ndi kuseka. Kenaka anakweza mwendo n'kundionetsa m'munsi mwa thalauza. "Atelala, poti zikuoneka kuti simukuchoka, tcheni cha njinga chandidyera apa. Mangani makina anuwo."

Ndinawasokera pomwepo pabwalo, iwo atavala chitenje cha mlongo wawo, atakhala pampando ngati mfumu. Agogo anu anali atayamba kale kumasula mitolo. Podutsa pafupi nane anangoti, "Kuno ndi kutauni," n'kupitirira.

Koma musaganize kuti zinathera pomwepo. Mango sakonda kusamutsidwa. Patapita masiku atatu masamba anagwa mphwayi, analendewera ngati makutu a mbuzi yodwala. Ena anauma n'kuthothoka. Mvula inali itatha, dzuwa likubwera. Mtengowo ukadafa ndikadathirira chiyani? Ndinaumangira kadenga ka udzu. M'mawa uliwonse ndisanapite kukhonde ndinkathira ndowa imodzi, pang'onopang'ono kuti madzi alowe, ndikupemphera. Sindichita manyazi kunena kuti ndinapempherera mtengo. Abiti ankadutsa ndi tsache n'kupitirira. Mlungu wachinayi, m'mawa wina, agogo anu anandiitana ndi dzanja. Pansonga penipeni panali timasamba tiwiri tofiirira, tonyezimira. Abiti anabwera, anawerama, anayang'ana. "Mtengo wanga wadzuka," anatero. Ine ndinati, "Wadzuka, amayi."

Unabereka bambo anu atayamba sukulu. Chaka choyamba mango asanu ndi awiri okha. Ndinawathyola onse, ndinawaika m'mbale, n'kukawatula pakhonde la Abiti. Iwo anatenga atatu, anayi anandibwezera. Kuyambira pamenepo zakhala choncho chaka ndi chaka: oyamba kupsa amapita kwa mwini mtengo, otsala ndi a bwalo lonse. Ngakhale awa mukudyawa, Mariamu analawa kale mlungu watha. Ndikadapanda kutero sindikadakulolani kuponya mwala ngakhale umodzi.

Pansi pa mtengo uno pachitika zambiri. Bambo anu anaphunzirira kuwerenga pano, akulemba padothi ndi kamtengo. Azakhali anu anawafunsira ukwati pano. Maso atayamba kundivuta ndinachoka kukhonde la sitolo n'kudzaika makina pamthunzi pano, makasitomala akale ankanditsatira. Che Jafali ankati akabwera ankakhala apo, n'kumanena kuti, "Mlongo wanga anadzala bwino." Ine ndinkavomera kuti anadzaladi bwino. Abiti atamwalira, amayi a maliro anadzaza mthunzi wonse uno, ndipo ine ndinaperekeza nawo kumanda, kumbuyo kwa abale awo. Agogo anu aakazi atatisiya, a kwaya anakhala malo omwewo, ndipo amene ankawatungira madzi anali a banja la Abiti. Mtengo sunafunse kuti akuimba ndi ndani.

Nyumba zino tsopano zili m'manja mwa Mariamu, mdzukulu wa Abiti, amene ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba. Pamene ankazilandira, ndinapita kukamufunsa ngati mawu a agogo ake akadalipo, pakuti mwini watsopano amabwera ndi maganizo atsopano. Iye anati, "Agogo, nkhani imeneyo anatiuza tisanamere mano. Koma mtengo uwu mizu yake inafika kale ku Shire. Mukuthirira chiyani?"

Ndinati, "Ndikuthirira mawu a Abiti."

Anaseka, n'kundigulira ndowa yapulasitiki, yopepuka, poti yachitsulo ija inayamba kundilemera.

Tsono, Tamanda, manyazi amene ukunenawo ndinawafunafuna, sindinawapeze. Mtumwi Paulo analemba za wodzala ndi wothirira, kuti onse awiri si kanthu, wokulitsa ndi Mulungu. Ine mawu amenewo sindinawamvetse pabenchi la tchalitchi, ndinawamvetsa ndi ndowa m'manja. Palibe njerwa imodzi pano imene ndingaitchule yanga. Mtengo umene ndautumikira kuyambira bambo anu ali kumsana si wanga, ndipo pali mboni. Koma ndadya zipatso zake, ndalerera ana mumthunzi wake, ndipo m'mawa uliwonse ndikatsekula chitseko pali munthu wondipatsa moni ndi dzina. Kumapuloti kwa bambo anu ndi kwabwino, ndinakuona. Mpanda wautali, geti lachitsulo. Ndinayesa kuyenda kuchoka pagetipo kufuna tchalitchi, nyimbo zinandithera m'mutu ndisanafike.

Mukawauze bambo anu kuti ndathokoza, ndipo ndikunena zoona. Chipindacho asaikemo matumba a chimanga, andisungire. Pangano la Abiti lili ndi mbali ziwiri, ndipo ine sindidzaba mbali yachiwiriyo. Tsiku limene dzanja ili lidzalephere kunyamula ndowa, ndidzapita ndekha kwa Mariamu kukamuuza kuti wothirira watopa, apeze wina. Pamenepo bambo anu adzabwere ndi galimoto, sindidzakana. Koma tsikulo si lero.

Tsopano sendezani miyendo ndidutse, ndowa yanga ili kumpopi. Mwandichedwetsa ndi mafunso anu, dzuwa lakwera ndisanathirire. Ukuti chiyani, Dalitso? Mvula inagwa dzulo? Ndinaimva, mwana wanga, beseni lija linadzaza. Koma Abiti za mvula sananene.